Amai Anastazia Sakala ndi Mbuzi Yao ya ku Yunivesite

Malemu amai Anastazia Miti, akazi a bambo Febian Sakala, anabadwa m'chaka cha 1940 ku Kaumbwe, m'boma la Petauke.

Sukulu anaphunzila ku misyoni ya Minga, ndipo mu 1955 anapambana mayeso a Sitandade 6 kuposa anyamata onse a m'kalasi mwao. Koma amalume ao, amene anali ndi mau pa ana a mlongo wao, anaona kuti wopitiliza sukulu akhale mwana wamwamuna. Malemu anabwelela kumunda. Sanawanenele zoipa amalumewo ngakhale tsiku limodzi.

Mu 1959 anakwatiwa ndi a Sakala, mphunzitsi wa pulaimale. Anakhala ku Sasare, kenaka ku Sandwe, mpaka anakhazikika kuno ku Nyimba. Anali mlimi wa nshawa ndi wosoka zovala. Kuchalichi anali wa kwaya, ndipo ndiwo amayambitsa nyimbo pamalilo ambili m'dela lino.

Dziko litangolandila ufulu, kunamveka kuti ku Lusaka kumangidwa yunivesite yathuyathu, ndipo aliyense aponyepo chimene ali nacho. Ena anapeleka nkhuku, ena chimanga. Malemu anamasula mbuzi imene amai ao anawapatsa pa ukwati, naikoka okha mpaka kumene amalandilila zopeleka, mwana Olipa ali kumsana. Anzao amawaseka pachitsime: "Amake Olipa, mbuzi ija yafika Fomu chani?" Iwo amangoyankha kuti, "Yatsogola kukatisungila malo."

Yunivesite inatsegulidwa mu 1966, ndipo pambuyo pake inasamukila pamalo pamene ili lelo, m'mbali mwa mseu waukulu wochokela kwathu kuno. Aliyense wopita ku Lusaka amadutsa pachipata chake. Malemu anadziikila lamulo lakuti sadzaiyang'ana kufikila tsiku limene mwana wao adzawaitane kukaona akulandila digili. Basi ikayandikila pamenepo, anthu onse akusuzumila pawindo, iwo amayang'ana pamiyendo pao. Amuna ao amati ndi nthabwala chabe. Patapita zaka anasiya kuseka.

Olipa anasankhidwa kukaphunzila zaulimi pa yunivesiteyo. Malemu anamupelekeza mpaka pokwelela basi pa Nyimba, nabwelela. Anagula nsalu yobiliwila pa nthawi imene ngakhale sopo amasowa m'masitolo, nasoka dilesi la tsikulo, n'kuliika pansi pa sutikesi. Yunivesite itatsekedwa kwakanthawi ophunzila n'kubwezedwa kwao, tsikulo linasunthila kutsogolo. Iwo anati, "Tadikila kale, tidikilanso."

Matenda a impso anayamba nthawi yokolola chaka chino cha 1987. Chipatala cha kuno chinawatumiza ku Lusaka. Galimoto itafika pachipata chija, amuna ao, amene madokotala anali atawauza kale zoona za matendawo, anati, "Amake Olipa, tafika pa yunivesite. Tayang'anani pang'ono chabe." Malemu anakoka chitenje nadziphimba kumaso. "Tsiku lake silinakwane, atate ake Olipa. Mukufuna ndidye chakudya chisanapse?"

Anatisiya Lachiwili m'mawa. Mwambo wa madigili uli mwezi wamawa.

Dzulo, pobwela ndi thupi pa lole, Olipa anagogoda padenga la lole kuti dalaivala aime, natsika kukalankhula ndi mlonda wa pachipata cha yunivesite. Mlondayo anavula chipewa natsegula. Lole inaloŵa pang'onopang'ono, inadutsa panyumba ya mabuku ndi pamene Olipa amagona, anzake ataima m'mbali mwa njila. Olipa anagwila bokosi nati, "Amama, ndi pano. Ndakuitanani." Amuna ao anakhala kutsogolo ndi dalaivala, ndipo za nyumbazo sangathe kukuuzani, chifukwa ulendo uno ndiwo amene sanayang'ane.

Dilesi lobiliwila lija ndi limene avala m'bokosimu.

Malemu asiya amuna ao, bambo Febian Sakala, ana atatu, Josiah, Olipa ndi Sophia, adzukulu anai, ndiponso mlongo wao, bambo Ezekiel Miti, amene anapitiliza sukulu m'malo mwao, ndipo ndi amene alipilila Olipa zaka zonsezi.

Amake Olipa, mwadikila kokwanila. Apumule mu mtendele.