Ndinawerenga Ophunzira, Ndinaiwala Abale Awo

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, makamaka atsikana anzanga a m'gulu la mapemphero. Ndine Tadala, ndili Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera ku Bangwe. Ndikufuna ndichitire umboni za tsiku limene ndinatsala pang'ono kutseketsa kalabu yathu ya makompyuta.

Teremu yathayi aphunzitsi athu, a Makwinja, anapempha ahedi kuti zotsatira za mayeso tiziike pa webusayiti, chifukwa mapepala ena ankathera m'ngalande asanafike kwa makolo. Ahedi anavomera monyinyirika. Anati chipinda chathu akuchifuna kale kuti azisungiramo mabuku, ndipo zikakanika kalabu ithera pomwepo.

Ntchito yosankha seva anandipatsa ine. Seva ndi kompyuta imene webusayiti imakhalamo. Sitigula yathuyathu, timachita lendi kachigawo ka kompyuta yaikulu ya kampani, monga chipinda chimodzi pa mdadada wa nyumba za lendi. Panali yaing'ono, yapakati ndi yaikulu. Ndinawerenga maina m'kaundula, ndinaona kuti sitili ambiri, ndinasankha yaing'ono. Tinayesa pa makompyuta athu asanu, zonse zinkatseguka bwinobwino.

Lachisanu lotsekera sukulu a Makwinja anali kumaliro ku Thyolo, choncho ndinali ndekha. Nthawi ya 10 koloko ahedi anatumiza linki m'gulu la makolo la pa foni. Posakhalitsa tsamba la webusayitiyo linayamba kuchedwa kutseguka, kenako linangoti mbee. Ndinayatsanso seva, inadzuka, n'kugwanso.

Chimene ndinaiwala n'chakuti kwathu kuno zotsatira za mwana si za makolo okha. Mayi akalandira linki amatumizira amalume amene amalipira fizi, amalume n'kutumizira azakhali a ku Joni. Amayi anga omwe anaiponya m'gulu la amayi a kutchalitchi. Anthu onsewo ankagogoda nthawi imodzi pakachipinda kanga kaja, ndipo likakana kutseguka ankadinanso.

Pazenera ndinkaona makolo akuchuluka pageti, mafoni ali m'mwamba. Ahedi anabwera n'kuima pakhomo. Sanakalipe, anangoti, "Ikakwana 12 koloko zili chonchi, makiyi a chipinda chino ndiwapeze patebulo panga." Ndinaganiza za a Makwinja amene anandikhulupirira, ndi atsikana a Fomu 1 amene anali atangophunzira kugwira mausi. Ndinagwada kuseri kwa chitseko. Pemphero langa linali lalifupi: "Ambuye, ndalakwitsa, ndipo sindikudziwa pogwira."

Ndisanadzuke n'komwe, chitseko chinandigunda. Analowa mayi ake a Chisomo, mnzanga wa m'kalasi, amene timawadziwa kuti amagulitsa kaunjika ku Limbe.

"Wapanga zachibwanazi ndani? Mlamu wanga wandiimbira kanayi!"

Ndinakweza dzanja ndikulira. Anandiyang'ana, anayang'ana kompyuta, kenako anati, "Tasuntha, mwanawe." Sindinkadziwa kuti asanayambe geni ankasamalira maseva pa kampani ina mpaka ntchito inawathera. Anandionetsa mzere wofiira wosonyeza kuti memori, malo amene seva imagwiriramo ntchito, yadzaza thothotho.

"Posankha unawerenga ndani?"

"Ophunzira, mayi."

"Iii! Nanga agogo awo alibe mafoni?"

Chifukwa cha mantha ndinawapempha kuti titenge yaikulu kwambiri. Anakana. Anati imeneyo izikhala pululu teremu yonse ngati holo ya ukwati Lolemba, sukulu ikungoilipirira. Anapita okha kukapempha chilolezo kwa ahedi, ndipo tinakweza kufika pa yapakati, kuti chipwirikiti chikatha tidzabwerere pansi. Anandilangizanso kuchepetsa kukula kwa zithunzi za malipoti a ophunzira, poti ndinazijambula ndi foni ndipo chilichonse chinali cholemera zedi.

Seva ikuyakanso, ndinkangoyang'ana wotchi ya pakhoma. Kunatsala mphindi khumi kuti 12 koloko ikwane. Kenako tsamba linatseguka, ndipo kugeti kunamveka nthungululu. Foni yanga inalira. Anali amalume, kukalipa kuti masamu ndalakwa chonchi bwanji. Sindinakondwerepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira thandizo litavala nkhope yaukali. Abale, musaleke kupemphera ngakhale vutolo mwaliyamba nokha, Iye sayamba wafunsa kuti wolakwa ndani. Makiyi akadali ndi ife, ndipo mayi ake a Chisomo amabwera Lachitatu lililonse kudzatiphunzitsa. Pachivundikiro cha kope langa ndinalemba kuti posankha seva ndiziwerenga mwana pamodzi ndi mtundu wake wonse. Ambuye alemekezeke. Ameni.