Zitini Ziwiri za Simenti Zimene Zikanandilanditsa Mkazi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mukuwerenga umboni uwu. Ine ndimakhala kufupi ndi pa Chonde, ndipo ndisanapume ndinagwira ntchito yolemba nkhani m'nyuzipepala. Ndikufuna ndikuuzeni mmene msana wanga unandikanira pa nthawi imene mkazi wanga ankaudalira, ndi mmene Mulungu anandipulumutsira kudzera mwa munthu amene sindinkamuganizira n'komwe.

Mayi akunyumba, amake Tadala, anadwala sitiroko ndipo anafa ziwalo mbali yakumanja. Kuganiza ndi kulankhula zinali bwino, koma kuima paokha sankatha. Pa tsiku ndinkawanyamula kasanu ndi kamodzi: kuchoka pabedi kupita pa njinga yawo ya olumala, kubafa, kuchimbudzi, pakhonde kukaothera dzuwa. Ndinali ndi zaka 58, ndipo thupi langa linazolowera mpando ndi cholembera basi. Mwezi usanathe ndinayamba kupuma wefuwefu ndikangowadzutsa.

Alamu anga a Mukhova, achimwene awo aakulu amenenso ndi mwini mbumba kwawo ku Milonde, anabwera kudzazonda. Anandiyang'ana ndikuvutika, kenako anati, "Alamu, sitikukulandani ayi. Koma munthuyu ali ndi abale ake. Mukaona kuti zakukanikani, ife timutenga tikamusamale kwathu." Mwambo unali kumbali yawo, ndipo sanalankhule mwachipongwe. Atapita, amake Tadala analira. Anandiuza kuti takhala limodzi zaka 31, ndipo safuna kukagona m'nyumba ya wina ine ndili moyo.

Mwana wathu Tadala, amene amagwira ntchito ku Blantyre, anandipezera mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi wa pa intaneti. Anali mnyamata waulemu amene mpaka lero sitinaonanepo maso ndi maso. Lolemba lililonse ankanditumizira ndondomeko pa foni, ine n'kumadzijambula vidiyo pakhonde ndi kumutumizira kuti aone. Atamva kuti ndilibe zipangizo, anati ndipangitse chitsulo chokhala ndi makilogalamu khumi mbali iliyonse. Ndinapatsa mmisiri wina zitini ziwiri zapenti zofanana, paipi ndi simenti. Atabweretsa, ndinatenga penti yofiira n'kulemba 10 pa chitini chilichonse. Sindinayeze.

Sabata yachitatu mphunzitsi uja ananditumizira mawu. Anati phewa langa lakumanzere likugwa, thupi lonse likupendekera komweko, ndiye kuti mbali imeneyo ndi yofooka. Inenso ndinkamvadi kuti kumanzereko kukulemera, choncho ndinavomereza. Anandiwonjezera maulendo onyamula kuti mbaliyo ilimbe. Ndinamvera zonse, ndipo ndinkalemba m'kope tsiku, nthawi ndi maulendo. Chitsulocho ndinkachigwira mofanana tsiku lililonse, chifukwa ndinkafuna kuti manambala ofiira aja aziyang'ana ku foni.

Sabata yachisanu ndi chiwiri, Lachiwiri m'mawa, ndinawerama kuti ndichotse amake Tadala pa njinga. Nditangowakweza, m'chiuno munandilasa ngati andibaya ndi mpeni, miyendo inafooka, ndipo tonse awiri tinagwera pa simenti. Iwo anamenyetsa chipumi pa mwendo wa bedi. Ndinagona pambali pawo ndikuona magazi akutsika, koma sindinathe ngakhale kukwawa. Anatidzutsa ndi anansi amene anamva kukuwa.

Kuchipatala anasoka bala lawo, ine anandiuza kuti fupa silinathyoke koma minofu ya mbali imodzi ya msana yapweteka, ndipumule. Nkhani inafika ku Milonde tsiku lomwelo. A Mukhova anatumiza uthenga wachidule kuti pakutha pa milungu isanu abwera ndi galimoto.

Abale, apa m'pamene ndinataya mtima. Ndinachita zonse zimene ndinauzidwa, osadumpha tsiku, koma mapeto ake ndinagwetsa mkazi wanga ndi manja anga. Ndinkaopa kuyang'ana bandeji imene inali pachipumi pawo. Pemphero langa linatsala la mawu ochepa: Ambuye, sindikupempha thupi la mnyamata, ndikupempha mphamvu zokwana kuchotsa mayiyu pabedi mpaka pampando.

Lachinayi lotsatira amayi a kumpingo kwathu anabwera kudzapemphera nafe. Mmodzi mwa iwo anali mayi Namakhwa, amasiye achikulire amene anathyola tiyi ku esiteti zaka zambiri, kenako n'kukhala woyeza masamba pa sikelo. Ankafuna kuyala mkeka pakhonde, koma chitsulo changa chinali panjira. Anachigwira pakati kuti achisunthe, ndipo mbali imodzi inagwa pansi kuti phi! Anachikwezanso, n'kuchigwedeza pang'ono m'manja.

"Bambo a Tadala, chinthu ichi mumanyamula ndinu?"

Ndinavomera.

"Nanga msana ukanatani? Uku kuli munthu wamkulu, uku kuli mwana."

Ndinawatsutsa. Ndinati zitinizo n'zofanana, ndipo aone okha kuti palembedwa khumi uku, khumi uku.

"Analemba ndani, sikelo kapena inu?" anatero mayi Namakhwa, amayi onse n'kuseka. "Ine dengu la tiyi ndinkalidziwa kulemera kwake lisanafike pa mbedza. Dikirani."

Anapita kwa munthu wogula nandolo pafupi ndi msewu n'kubwereka sikelo yopachika. Mnansi wathu anadula paipi ija pakati ndi sowo, ndipo anapachika zidutswazo pa nthambi ya mango chimodzichimodzi. Chakumanzere chinalemera makilogalamu 15. Chakumanja 9. Ndinawauza kuti ayezenso, ndipo sikelo inanenanso zomwezo. Ataphwanya chopepukacho ndi hamala, m'kati munatuluka pepala la thumba la simenti lopindapinda ndi botolo la pulasitiki. Simenti inali itamuthera mmisiri uja, ndiye anangodzaza ndi zimene anapeza n'kumata pamwamba.

Ndinakhala pansi. Milungu isanu ndi iwiri ndinkapotoza msana wanga ndekha, tsiku ndi tsiku, n'kumalemba m'kope ngati chinthu chonyadira. Ine amene moyo wanga wonse sindinkalemba nambala ndisanaitsimikize, ndinakhulupirira nambala imene ndinaipenta ndekha.

Madzulo ake ndinatumizira mphunzitsi uja zithunzi. Anandiimbira yekha n'kupepesa. Anati anaona thupi likupendekera koma sanafunse chimene chikulipendeketsa. Sindimamuimba mlandu. Zimene foni inamuonetsa anaziona molondola, koma foni sikanamuuza kulemera kwa chinthu chimene sanachigwirepo. Anandilembera ndondomeko ina yopepuka, yopanda chitsulo, yogwirizana ndi zimene achipatala ananena, ndipo inandithandizadi.

Koma chimene chinasintha zinthu ndi manja a mayi Namakhwa. Kuyambira tsiku limenelo ankabwera m'mawa uliwonse ndi mayi mnzawo kudzasamalira amake Tadala. Ululu utachepa, anandiuza kuti ndiwaonetse mmene ndinkanyamulira. Ndisanakweze n'komwe anandimenya kambama pamsana.

"Mukuwerama ngati mukutola singano! Pindani mawondo. Ndipo awa si thumba la feteleza, mwendo wawo wakumanzere ndi wamoyo. Bwanji mukuwalanda ntchito?"

Apanso ndinadabwa. M'mavidiyo onse amene ndinatumiza, amake Tadala sanaonekemo ngakhale kamodzi. Mphunzitsi ankandiphunzitsa kunyamula chitsulo, pamene katundu wanga weniweni anali munthu wotha kuthandiza. Mayi Namakhwa anandisuntha phazi ndi phazi lawo, anasendeza njinga mpaka kugunda bedi, anamanga chitenje m'chiuno mwa wodwala kuti ndizigwira pamenepo. Anatiuza kuti tiziwerenga limodzi mpaka katatu, kenako iwo aponde ndi mwendo wabwino, ine ndingowatembenuza. Tinabwereza kambirimbiri, dzanja lawo lili pamsana panga, mpaka thupi linazolowera.

Tsiku lija litakwana, a Mukhova anafika ndi galimoto ndi azichemwali awo awiri, matiresi atayala kale kumbuyo. Sindinakangane nawo. Ndinangowapempha kuti alowe kuchipinda aone. Tinawerenga, amake Tadala anaponda, ndinawatembenuza, anakhala pa njinga bwinobwino. A Mukhova anati tibwereze. Tinabwereza, kuchoka pa njinga kupita pabedi. A Mukhova anayang'anitsitsa chipsera cha pachipumi paja.

Amake Tadala ndi amene analankhula. "Achimwene, galimotoyo muikemo nanazi, isabwerere yopanda kanthu. Ine ndili pano."

A Mukhova anaseka misozi ili m'maso, n'kundigwira dzanja. Anasiya mchemwali mmodzi kuti atithandize kwa mwezi, ndipo anabwerera ku Milonde madzulo omwewo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa lalifupi lija. Ndikuthokoza mayi Namakhwa, amene anabwera kudzayala mkeka koma anapulumutsa banja. Kwa inu amene mukuphunzira zolimbitsa thupi pa foni, sindikunena kuti musiye, inenso ndikupitiriza. Koma yezani chimene mukunyamula, muuzeni mphunzitsi chifukwa chenicheni chimene mukufunira mphamvuzo, ndipo pezani munthu woti aime pambali panu, akugwireni pamsana. Ndipo inu amene mukusamalira wodwala ndipo mwatopa mpaka kulira, musagwe mphwayi. Pempheranibe, ndipo anthu akabwera kudzakuonani, aloleni agwire katundu wanu ndi manja awo. Ambuye akulimbitseni. Amen.