Chaka Chimene Timu Yathu Inasewera Popanda Ine

Abale ndi alongo, ambiri mumandidziwa ngati mwana wa mai Zuze, ogulitsa manachesi pamsewu wopita kuboda. Dzina langa ndine Tiyamike. Ndaima pano kuti ndikuuzeni kumene Ambuye anandichotsa.

Ine mowa sindinamwepo. Ndende yanga inali ina.

Ndinakula ndili wamtali kuposa anyamata onse a m'kalasi mwathu. Ku pulayimale ankanditcha Mlongoti. Ndikalowa mumsika wa pa Boma anthu ankatembenuka, ena n'kumaseka. Ndinkayenda chowerama kuti ndifupikeko. Thupi langali ndinkadana nalo.

Nditasankhidwa kupita ku yunivesite ku Blantyre, kochi wa basiketibolo anandiona pamzere wa chakudya. Anandiuza kuti ndikafike kubwalo mawa lake. Kumeneko kutalika kuja kunasanduka ulemu. Anthu ankaimba dzina langa. Pofika chaka chachitatu ndinali kapiteni wa timu ya atsikana, ndipo mpira ukavuta onse ankayang'ana ine.

Kutchalitchi ndinasiya. Ndinkaona ngati ndapeza chondipulumutsa. Koma mantha sanandichoke. Mumtima ndinkadziwa kuti tsiku limene ndidzasiye kugoletsa, ndidzabwerera kukhala Mlongoti uja.

Chaka chimenecho ligi tinaiyamba bwino. Tinagonjetsa ngakhale matimu amene ankatiseweretsa zaka zam'mbuyo, ndipo pasukulu anthu anayamba kukamba za chikho. Nthawi yomweyo bondo langa lakumanzere linayamba kuwawa. Sindinauze munthu. Ndinkalimanga bandeji, kumwa mankhwala opha ululu, n'kulowa m'bwalo. Kochi atandifunsa chifukwa chimene ndinkatsimphinira, ndinati nsapato ikundithina.

Pa benchi panali mtsikana wa chaka choyamba, dzina lake Chisomo, amene ankalowa m'malo mwanga ndikatuluka. Ndinkaopa kupuma ngakhale Loweruka limodzi, kuopa kuti anthu angaone kuti iyenso amatha.

Ligi ili pakati, ndinadumpha kulanda mpira pansi pa basiketi. Potera, bondo linangoti thyo! Anandinyamula anzanga. Dokotala anati mtsempha wa m'bondo waduka, za mpira ndiiwale chaka chimenecho, mwinanso mpaka kalekale. Sukulu inandilola kukapuma, ndipo ndinabwerera kuno ku Mwanza ndi ndodo ziwiri.

Nyumba yathu ili kuseri kwa mashopu, pafupi ndi msewu. Tsiku lonse ndinkakhala pakhonde, mwendo uli pa mpando. Mathiraki ankandanda kupita kuboda ku Zobue. Maminibasi ankaitanira a ku Blantyre. Aliyense anali ndi kopita. Ine ngakhale kubafa amayi ankachita kundigwira.

Timu inapitirira. Pagulu lathu la pafoni ankaika zithunzi, akuseka, atakumbatirana. Ankapambana popanda ine, ndipo wogoletsa anali Chisomo. Anzangawo ankandilembera kuti andisowa, ine osayankha.

Abale, ndinkafuna agonje. Loweruka lililonse ndinkagwira foni kudikira nkhani yoipa. Akapambana, chakudya chinkandikanika.

Kenako pakhonde paja ndinasiya kukhalapo. Ndinadzitsekera m'chipinda, katani ili chitsekere. Amayi akabwera kuchokera kumsewu ankaima pakhomo, dengu lili pamutu.

"Tiya, tuluka uothereko dzuwa. Ukundiopsa, mwanawe."

Ine ndinkatembenukira kukhoma. Amayi a mvano atabwera kudzandipempherera, ndinanamizira kugona. Maganizo oti bola kufa anayamba kundibwerera, dzuwa likuswa mtengo, anthu akutsatsa malonda panja.

Timu inafika mu fainolo. Anagonja pang'ono chabe. Mpira womaliza unali m'manja mwa Chisomo, ndipo anaphonya. Chimene ndinkalakalaka chija chinachitika. Ndinadikira kuti ndisangalale, koma chimwemwe sichinabwere. Akapambana ndinkavutika, atagonja ndinavutikabe. Ndinaona kuti ndilibe kotulukira.

Patapita masiku ochepa amayi anagogoda masana.

"Kuli mlendo wako, wachokera ku Blantyre."

Ndisanakane, Chisomo analowa, thukuta lili kamukamu, jumbo ya buledi ili m'manja. Anakhala pansi pa simenti pafupi ndi bedi.

"Asisi Tiya, ndinaphonya," anatero. "Munamva?"

"Ndinamva. Nanga wadzatani kuno?"

"Foni simukuyankha. Ndiye ndangokwera minibasi."

Ndinamuyang'anitsitsa. Ndinkayembekezera kuona munthu wosweka ngati ine. Ndinamufunsa mwaukali, "Sukulu yonse ikukunena. Ukutha bwanji kuyenda pamsewu?"

"Ndinalira, musaganize kuti sindinalire," anayankha. "Mpaka pano zikundiwawa. Koma Yesu anandilandira ndisanagwirepo mpira. Loweruka lija sanandibweze."

Mawu amenewo anandilowa. Ine moyo wanga wonse ndinkagula chikondi cha anthu ndi zigoli. Sindinkadziwa kuti alipo wolandira munthu amene waphonya.

Ndinamuuza zonse. Ndinamuuza kuti ndinkafuna agonje, makamaka iyeyo. Ndinamuuzanso za maganizo a imfa aja. Anandiyang'ana, misozi ili lengelenge.

"Zandipweteka, asisi," anatero. "Koma tiyeni tipemphere. Ine pandekha sindingakutulutseni muno."

Kugwada sindikanatha. Ndinapemphera chogona, mwendo uli pa pilo. Ndinati, "Ambuye Yesu, ndatopa. Ndilibe choti ndikupatseni. Ngati mungandifune chonchi, nditengeni." Ndinalira ngati mwana. Nditamaliza ndinamva kupepukidwa pachifuwa, ndipo ndinamva njala. Tinadya buledi uja ndi tiyi, ine, Chisomo ndi amayi.

Chisomo asananyamuke anandilimbikitsa kuti zonse ndinamuuza zija ndiuzenso amayi. Ndinawauza. Amayi sanandikalipire. Anasiya malonda, n'kupita nane kwa abusa ndiponso kuchipatala, kumene ndinapeza anthu ondimvetsera. Sizinathe tsiku limodzi. Masiku ena mdima uja unkabwerera, koma tsopano ndinkadziwa woti ndimuitane.

Bondo silinabwerere mwakale, ndipo mpira sindinasewerenso. Kusukulu ndinabwerera, ndinamaliza maphunziro. Ligi yotsatira ndinkakhala pa benchi, kupatsira anzanga madzi ndi kukuwa mpaka mawu kusasa. Chisomo akagoletsa ndinkaomba m'manja ndi mtima wanga wonse, mpaka ndekha kudabwa kuti ndine yemwe uja.

Ndikuyamika Mulungu amene sanadikire kuti ndichire kaye. Ndikuyamika Yesu amene anandipeza ndili chigonere, mtima uli wodzaza njiru, n'kundikhululukira. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha.

Mwina alipo wina muno amene wadzitsekera. Mwina ntchito inatha, mwina mayeso anakukanikani, mwina thupi lakukhumudwitsani, ndipo mukuona ngati anzanu onse akupita, inu mwatsala. Mukuseka nafe, koma mumtima mwanu katani ndi yotseka. Musafe nazo nokha. Yesu akukulandirani mmene mulilimo.

Kwaya ikamaimba, bwerani kutsogolo tipemphere limodzi. Ngati miyendo ikukulemerani, ingokwezani dzanja. Ndibwera ndine pamene mwakhalapo. Ndimayenda pang'onopang'ono, koma mundidikire, ndifika.

Ambuye alemekezeke. Ameni.