Galaja ya Ana Athu Yasanduka Bala

Ndine mayi wa ku Angónia, ndimagulitsa kachewere kuno ku Canongola. Mwana wanga wamwamuna atasiya sukulu, anayamba kumwa kachasu ku Nhartanda. Anamubweza ndi bambo wina wachifundo amene ankasonkhanitsa achinyamata m'galaja yakale, kuwaphunzitsa kukonza njinga zamoto ndi kumva mavuto awo.

Galajayo mwini wake anatipatsa pakamwa, pamaso pa makolo, ife n'kuwomba m'manja. Kwathu zikatero, nkhani yatha. Koma mwezi watha anaikapo loko, akuti akutsegulamo bala.

Makolofe tinapita kwa a sekeretaryo, akuluakulu oyang'anira bairo yathu, dera lomwe tikukhala. Anatimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Amayi, chisoni ndili nacho, koma mwini galajayo ndimugwira ndi chiyani? Pepala mulibe, ndipo lamulo loteteza malo ngati amenewa ine sindinalionepo."

Inu opanga malamulo, ana athu azidalira chifundo cha munthu mpaka liti?

Dzulo ndinadutsa pabalapo. Mwana wanga anali atakhala pakona pomwe ankakonzera njinga, botolo lili m'manja. Sindinamuitane, omvera wailesi anzanga. Ndikanamuuza kuti apite kuti?