Makwerero a Sedinam

Chipumireni pa ntchito, a Dzokoto, amene anaphunzitsa masamu theka la anthu a m'tauni ya Hohoe, analumbira kuti sadzapondanso pa sukulu iliyonse, wofuna masamu aziwapeza pakhonde pawo. Ndiye Loweruka lina, tsiku limene makolo amaloledwa kukaona ana ku sekondale yogonera komweko, anawapezadi Daavi Mawusi, mayi wogulitsa abolo, timikate ta chimanga, pokwerera basi, ali wefuwefu, dengu lopanda kanthu lili pamutu.

"Aphunzitsi, moni tipatsana mawa. Ndipatseni yankho."

A Dzokoto anatsitsa nyuzipepala n'kusuzumira pamwamba pa magalasi. "Yankho la chiyani, Daavi?"

"La masamu, nanga inu muli ndi mayankho a chiyaninso? Mdzukulu wanga Sedinam, uja ali chaka chomaliza. Lolemba akulemba mayeso oyeserera. Akalephera amuchotsa m'kalasi ya masamu aakuluwa, ndiye za uinjiniya zija zathera pomwepo. Ndamusiya pansi pa mtengo akulira. Gari wa chinangwa ndi tsabola wa shito zomwe ndamutengera sanaziyang'ane n'komwe."

"Aphunzitsi ake ali kuti?"

"Ku maliro kwawo. Adzabwera mayeso atatha."

"Muimbireni foni ndilankhule naye."

"Foni ku sukulu yogonera? Si inu munkalanda mafoni a ana a eni? Kutulukanso samulola. Belu likalira madzulo ano, geti atseka. Yankho, Aphunzitsi."

"Pepala la funsolo lili kuti?"

Daavi anadzigogoda pachipumi ndi chala. "Muno."

A Dzokoto anausa moyo. Anakokera pafupi kabolodi kawo kapakhondepo, n'kusolola choko m'thumba la malaya. "Nenani."

"Akuti pali makwerero."

"Aatali bwanji?"

"Aatali ndithu."

"Ndithu si nambala, Daavi."

"Ngati apa ndi pa mtengo wa lalanje uwo."

A Dzokoto anatsinzina diso limodzi, kuyeza. "Mamita asanu ndi awiri." Analemba.

"Iii, mwachulutsa. Amenewo angawanyamule ndani? Chepetsani."

"Ndichepetse ndi angati?"

"Mpaka aoneke bwino."

A Dzokoto anafufuta ndi chikhatho. Pa bolodi panatsala mzere umodzi wopanda nambala, ndipo iwo mzere wopanda nambala unkawapweteka ngati dzino.

"Makwererowo atsamira khoma," anapitiriza Daavi.

"Khoma lowongoka?"

"Khoma liti mu Hohoe muno lowongoka? Lanu lomweli talionani, lachita kuwerama ngati likufuna kumva zimene tikukamba."

A Dzokoto anatembenuka n'kuliyang'ana khoma lawo. Zinali zoona, ndipo anakhumudwa. "Chabwino. Ngati lapendekeka, ndiuzeni lapendekeka madigiri angati."

"Ndine ndinamanga?"

"Pitirizani."

"Ndiye phazi la makwererowo likutsetsereka pansi, kuthawa khoma. Akufunsa kuti nsonga yake kumwambako ikutsika mothamanga bwanji."

Nkhope ya a Dzokoto inawala. "Aha! Kalikulasi ameneyo. Funso lokongola, Daavi, lokongola kwambiri. Phazi likamapita uku, nsonga imatsika uku, koma sizithamanga mofanana ayi. Likutsetsereka mamita angati pa sekondi?"

"Silikutsetserekanso."

"Mwati?"

"Ndaikapo munthu wogwira."

"Mwaika munthu. M'funso."

"Nanga ndizingoonerera? Pamwambapo pali mwana wa munthu."

"Funsolo lanena kuti pamwamba pali munthu?"

"Makwerero amadzitsamiritsa okha pakhoma popanda wokwera? Inunso, Aphunzitsi, ganizani."

A Dzokoto anaganizadi. "Wogwirayo ndi wamphamvu?"

"Chimunthu. Ngati aja osenza matumba a simenti."

"Sagwedezeka?"

"Ngakhale pang'ono."

A Dzokoto anajambula kalozungulira pa bolodi, mosamala, n'kuika choko pansi. "Yankho ndi ziro."

"Ziro! Ndayenda dzuwa lonseli kudzatenga ziro? Ziro akanaipeza yekha Lolemba osavutitsa munthu!"

"Makwerero ogwiridwa satsika. Chotsani munthu wanuyo."

"Kuti wapamwambayo agwe? Maliro ake muyendetsa ndinu?"

"Kulibe wapamwamba!"

"Musakuwe, anthu aziti ndabwera kudzakufunsirani banja ndipo mukukana."

A Dzokoto anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Daavi anali adakali pomwepo. "Makwerero tiyambe tawasiya. Funso lina lilipo?"

"Lilipo. La sayini ndi kosayini. Munthu waima chapatali ndi nsanja, wakweza maso kuyang'ana pansonga. Akufuna kudziwa kutalika kwa nsanjayo."

"Bwino. Limeneli ndi lophweka. Anakweza maso madigiri angati?"

"Chonchi." Daavi anagadamitsa mutu. Dengu linagwa n'kugubuduka mpaka pamasitepe.

"Imani pomwepo! Musagwedezeke!" A Dzokoto anathamangira m'nyumba, anatulukamo ndi chithabwa chawo choyezera ngodya, chija ankagwiritsa ntchito m'kalasi, n'kuchiika patsaya la Daavi. "Madigiri makumi anayi ndi... Daavi, mwatsitsa."

"Khosi latopa."

"Kwezani ngati poyamba."

"Poyamba ndinakwezetsa. Munthuyo ndi wamkulu, sangakweze choncho."

"Funsolo lanena msinkhu wake?"

"Wachinyamata angapeze kuti nthawi yoyang'ana nsanja?"

A Dzokoto anatsamiritsa chithabwacho pampando, pang'onopang'ono, ngati akugoneka wodwala. "Waima mamita angati kuchoka pa nsanja?"

"Poyamba kapena panopa?"

Choko chinathyoka pakati.

"Mwamusuntha."

"Anali padzuwa. Ndamupititsa pamthunzi."

"Mthunzi wa chiyani?"

"Wa nsanjayo, nanga pamenepo pali chinanso?"

A Dzokoto anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma anaima. Kachiyembekezo kanawabwerera. "Dikirani. Dikirani kaye. Ngati waima kumapeto kwenikweni kwa mthunzi, ndipo mundiuza nthawi, nditha kupeza pamene dzuwa lili, kenako ngodya. Inali nthawi yanji?"

"Ya nkhomaliro."

"Nkhomaliro ya ndani? Anthu amadya nthawi zosiyana."

"Yake. Ndiye wapita kukadya."

"Wachokapo?"

"Akhale pomwepo ndi njala kudikira inu?"

A Dzokoto anakhala pansi. Anayang'ana bolodi. Panali makwerero opanda msinkhu, khoma lowerama, chimunthu chogwira, ndi nsanja yopanda woiyang'ana. Ndipo uko kusukulu, pansi pa mtengo, mwana ankalirira mafunso awiri amene iwo akanamumasulira tiyi asanazizire m'kapu. Chimenechi ndicho chinkawadya kuposa Daavi.

"Daavi," anatero modekha, "bwererani. Mukamuuze akulembereni papepala. Nambala iliyonse, mmene ilili."

"Kupita, kubwera, kupitanso? Ndi mawondo anga awa? Belu lidzandipeza panjira. Ayi. Ingondipatsani nambala yooneka bwino ndizipita. Zaka zonse mwaphunzitsazi, mulibe mayankho otsala m'nyumbamu?"

"Otsala?"

"Amene sanagwire ntchito. Abolo wanga akatsala ndimamutenthetsa, mawa amagulidwa."

"Yankho silikhala lopanda funso lake!"

"Ndiye tisankhe tokha. Sikisi. Ndi nambala yaulemu, si yaikulu, si yaing'ono."

"Sikisi chiyani? Mamita? Madigiri? Mamita pa sekondi?"

"Akasankha yekha, ndi mwana wanzeru." Daavi anatola dengu lake n'kulikutumula fumbi. "Zikomo kwambiri, Aphunzitsi. Ndikamuuza kuti a Dzokoto ati sikisi."

"Ine ndati sikisi liti?"

"Mwangonena kumene. Kawiri tsopano."

"Ndimafunsa!"

"Ine ndamva sikisi. Ndimuuzanso alembe dzina lanu pambali pake, kuti ochonga adziwe kumene yachokera, asamuvutitse."

A Dzokoto anaimirira msangamsanga, bondo lawo likulira. Ochonga mayeso kusukulu imeneyo ambiri anali ana awo a m'kalasi, anthu amene anawagwaditsa padzuwa chifukwa choiwala kulemba mamita kumapeto kwa yankho. Anawaona m'maganizo akupatsirana pepala la Sedinam, aliyense akuwerenga: sikisi, Dzokoto.

"Simukamuuza zimenezo."

"Nanga ndikamuuze ziro ija?"

"Simukamuuza chilichonse. Khalani pomwepo. Nsapato zanga zili kuti?"

"Mukupita kuti?"

"Kukamufunsa mwanayo ndekha. Funso lituluke m'kamwa mwa mwini wake, lisanadutse m'manja mwanu."

"Iii, ayi, Aphunzitsi. Inu munalumbira. Tauni yonse inamva."

"Ndinalumbira kuti sindidzaponda pa sukulu." Anamanga chingwe cha nsapato, akuganiza. "Mtengo umene wakhala mwanayo uli mbali iti?"

"Pafupi ndi geti, chamkati."

"Pali benchi?"

"Lilipo."

"Ndikakhala pa benchi n'kukweza miyendo. Sindiponda."

"Nanga kuchoka pageti kufika pa benchipo muuluka?"

"Ndiyenda msanga. Zimenezo sitiwerengera." Anaika choko chatsopano m'thumba, n'kupana kabolodi kukhwapa. Atafika pamasitepe anaimanso. "Koma dikirani. Tsiku la lero amalowetsa achibale okha. Lamulo limenelo ndikulidziwa bwino."

"Ndinu agogo ake."

"Ine si agogo ake. Sindikanama pageti."

"Ndani wati muname? Mayi anu aang'ono aja, sanakwatiwe ku Gbi Wegbe?"

"Anakwatiwa."

"Kwa ndani?"

"Kwa a Tsekpo."

"A Tsekpo amene mlongo wawo anabereka malemu amuna anga. Tsopano werengani, si ndinu a masamu?"

A Dzokoto anawerenga ndi zala, milomo ikuyenda. Anabwereza kuchokera kumapeto, kuti atsimikize. "Ndiye kuti malemuwo anali ngati msuweni wanga, kudzera m'banja. Ndiye kuti Sedinam..." Anagwedeza mutu monyinyirika. "Agogo, inde. Koma akutali kwambiri."

"Pageti sayeza mamita."

"Adzakhulupirira?"

"Akhulupirira kale. Ndawauza potuluka kuti ndikukatenga agogo ake aamuna, asawatsekere kunja."

Anali atafika kale pamsewu. Kuseri kwa mpanda wa maluwa kunaima njinga yamoto ya matayala atatu, woyendetsa akuwodzera pachiwongolero, mpando wakumbuyo atauyala nsalu. A Dzokoto anaiyang'ana njingayo. Kenako anamuyang'ana Daavi.

"Mwawauza potuluka."

"Eee."

"Musanafike kwanga."

"Nanga ndikanawauza nditabwerera?"

"Ndipo njingayi yakhala ili pano nthawi yonseyi."

"Kwerani, dzuwa lapendeka." Daavi anaponya dengu mkati n'kudzikonza chitenje. "Muziganizira tili panjira, kuti musakachite manyazi pamaso pa mwana. Makwerero ndi a mamita asanu. Khoma ndi lowongoka. Phazi lili mamita atatu kuchoka kukhoma, likutsetsereka theka la mita pa sekondi. Wa nsanja uja waima mamita makumi anayi, maso wakweza madigiri makumi atatu."

A Dzokoto anatsala phazi limodzi m'njinga, lina pansi. "Munkadziwa! Nambala zonse munkazidziwa! Mukanandiuza pakhonde paja, bwenzi mutanyamula kale mayankho onse awiri!"

"Mayankho awiri akanamuthandiza chiyani? Lolemba akamufunsa ena." Daavi anawakankha pamsana ndi chikhatho, mokoma koma mwamphamvu. "Mwanayo sananditume yankho, Efo, achimwene anga. Anandituma mphunzitsi."