Mtundu wa Ba Virginia

Ulusi wofiirira unawathera Ba Virginia duwa lomaliza lili theka, pa nsalu ya patebulo yokapatsa mwana wawo Tinenenji, yemwe Loweruka amakwatiwa ndi mnyamata wa Chibemba. M'masitolo a ku Kamwala ulusi wa chizindikiro cha nkhunda unali utasowa, kunangodzaza wa nyenyezi wa manambala ena, ndiye ogulitsa anawalozera ku kafe ya intaneti ya Ba Wilbroad ku Matero, munthu amene ukamuuza kuti dikirani pano, mvula imamupeza pomwepo.

"Ati makina yanu yachinja ulusi," anatero Ba Virginia, akuponya kachidutswa ka ulusi patebulo.

"Yachinja nambala, amai. Tiyambe so: mtundu wanu ni wabwanji?"

"Mchewa. Wa ku Katete."

Ba Wilbroad analemba ndi chala chimodzi, nadikira, napukusa mutu.

"Ati kulibe."

"Kulibe chani?"

"Mtundu wanu. Siupezeka."

"Ise? Matero yonse iyi tazala ise, manje kabokosi kakambe ati kulibe?"

"Kapena unasila. Mitundu yambiri yakudala inasila pamene vinthu vakunja vinabwera."

Ba Virginia anamanganso chitenje, ndipo kunena zoona wina aliyense akanathawa.

"Osadandaula," anapitiriza Ba Wilbroad mwaulemu. "Tizakuchosani ku mtundu wakale, tikupelekeni ku wina."

"Munipeleke kuti? Ku Chibemba?"

Bamboyo anayang'ana pagalasi mosamala. "Nacho kulibe."

"Ehe! Apo makina yakambako vanzeru."

"Manje nipaseni nambala yanu."

"Ya nyumba olo ya chitupa cha reji?"

"Ya pa mkanda, amai. Ka pepala kamene kamanga pakati."

Ba Virginia anagwira m'chiuno. "Ba Wilbroad! Ndine mai wa chigwirizano ku chechi ine. Mkanda wanga muufuna wa chani?"

"Wa ulusi, amai! Wa ulusi!" Thukuta linali kamukamu. "Ulusi ndiye uli na mtundu. Nkhunda olo nyenyezi."

Mayiwo anapisa m'chikwama, natulutsa kapepala kopindika ka nkhunda.

"Nanga simunakambe bwanji?"

"Ninafunsa mtundu."

"Na ine ninayankha mtundu."

Chala chija chinagwiranso ntchito. Pagalasi panatuluka timabokosi tiwiri tofiirira, togundana mapewa.

"Iyi apa nambala ya nyenyezi. Koma makina yachenjeza: siyolingana ndendende. Ni yapafupi chabe."

"Awe. Nifuna weniweni. Bapongozi baja bali na maso monga nkhwazi, bazaseka mwana wanga ati amai bake bagamphika maluba."

"Weniweni kulibe, amai. Koma onani." Anaika kachidutswa kaja pagalasi. "Yasiyana kochokera chabe. Mukayasokera pamozi, palibe azaziba uyu ni uti."

Ba Virginia anayang'anitsitsa nthawi yaitali, mkwiyo ukuphwa ngati thovu la munkoyo. Tinenenji anawauza mawu omwewo tsiku limene anabweretsa mnyamata uja, ndipo iwo anakana kumva. Zinawakhudza, koma kuvomera pamaso pa Ba Wilbroad, ayi.

"Lembani nambala," anatero mouma.

Anafika pakhomo, naima, nabwerera, nakhalanso pampando. Ba Wilbroad mtima unagwa.

"Chasala chani futi, amai?"

"Lembani Mchewa uku, Mbemba uku."

"Koma nakuuzani kuti makina aya..."

"Lembani chabe! Nifuna nizibiretu bazukulu bazachoka nambala chani."