Galimoto Yokaphwanyidwa Amaitsukiranji?

Loweruka m'mawa pa siteji ya basi ku Croydon, kutsidya la nyanja, bambo wa imvi atanyamula ndowa ndi siponji anamva nesi wina akutsanzika pafoni m'Chichewa.

"Ndinu akumudzi, mayi?"

"Eya, bambo. Ndowayo, mumagwira ku car wash?"

"Ayi. Ndili ndi timu ya mpikisano wa magalimoto, aja amathamanga mogundana pozungulira bwalo."

"Inuyo mumayendetsa?"

"Sindinayendetsepo n'kamodzi komwe. Ndinayamba ndi kupatsira anzanga masipanala, kenako ndinakhala mkulu wa amakaniko. Mwini timu atakalamba, anandisiyira ine."

"Nanga ndowa ndi yachiyani?"

"Yotsukira galimoto isanalowe m'bwalo."

"Galimoto yoti ikaphwanyidwa lero lomwe?"

"Anyamata anga amandiseka choncho, akuti palibe timu ina imatero. Koma kugalaja ya ku Ndirande komwe ndinaphunzira ntchito, galimoto sinkatuluka pageti ili ndi fumbi, ngakhale ikhale yakutha chotani."

"Sizikuwawani ikabwerako yopindikapindika?"

"Kuwongola ndiye ntchito yanga ya Lolemba, ndipo ndimaikonda. Lero lokha mtima uli m'mwamba. Akuyendetsa ndi mwana wanga Wezzie, koyamba."

"Mayo ine! Ndiye mwalola?"

"Wakulira m'galaja ameneyo, ndikanamuletsa bwanji? Malamba ndamanga ndekha, zitsulo zomuteteza ndawotcherera ndekha. Chatsala n'kutsuka."

"Zotsukazo zisiyeni lero, bambo. Mukakhale naye pansi, mumulimbitse mtima."

"Iyayi, mayi. Inuyo mwana wanu mungamutumize pagulu asanasambe?"